Moto Unali ndi Mwini Wake: Mbiri ya Kutentha Tchire

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndipo ndasankha nkhani ya moto wa kutchire. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena kuti, "Aaa, za moto wolusa tinaphunzira ku pulayimale, ndi woipa basi." Dekhani pang'ono. Nanenso ndinkaganiza choncho mpaka tsiku limene moto unatilowera pakhomo.

Zinachitika mu Okutobala, zaka zingapo zapitazo, kumudzi kwathu ku Ntchisi. Anyamata ena osaka mbewa anayatsa tchire kumunsi kwa dambo dzuwa lili paliwombo, kunja kuli kamphepo. Moto unakwera mtunda, unadutsa m'munda mwa mayi anga momwe munali mapesi, n'kufika pa mitolo ya udzu umene anamweta kuti afolerere nyumba. Kuchoka apo unagwira nkhokwe. Anthu anathamanga ndi nthambi zaziwisi ndi ndowa, koma theka la chimanga linapsa, ndipo mbuzi ziwiri zinafera m'khola. Madzulo ake agogo ena a m'mudzimo anati, "Kale moto unali ndi mwini wake. Tchire ili tikanalitentha mu Juni, lero bwenzi mukudya nsima mwamtendere."

Ndinadabwa. Nyumba yatsala pang'ono kupsa, iwo akuti kulakwa kwathu n'kwakuti sitinatenthe? Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa akuluakulu ndi kuwerenga paliponse pamene ndapeza nkhaniyi. Zimene ndapeza ndi izi.

Tiyambire kutali. Nthano ya Achewa ya chilengedwe imati munthu, mkazi wake ndi nyama zonse anatsika pamodzi ndi Chauta pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, ndipo ankakhala mwamtendere. Tsiku lina munthu anapeka timitengo tiwiri, moto n'kubuka. Udzu unayaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, pamene njovu, mkango ndi zinzake zinathawira kutchire zitakwiya. Bilimankhwe anakwera mumtengo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Taonani, abale anga: makolo athu pofotokoza chimene chinalekanitsa munthu ndi Mulungu komanso nyama, sanatchule nkhwangwa kapena uta. Anatchula moto wa kutchire woyatsidwa popanda dongosolo. Ankaudziwa bwino ukali wake.

Komatu anthu omwewo sanauthawe moto. Dzina la dziko lathu lenilenilo ndi malawi a moto. Olemba mbiri ya ufumu wa Maravi amati chaka chilichonse, cha mu Sepitembala, akuluakulu a banja lachifumu la Aphiri ankasonkhana ku Manthimba, likulu la Kalonga, pa mwambo wa Mlira, ndipo mwambowo unkatha ndi kutentha tchire la Marimba lomwe linatambalala m'mbali mwa nyanja. Pa phiri la Bunda, kufupi ndi Lilongwe, pamene panali kachisi wa mvula, phirilo linkatenthedwanso pamwambo chaka ndi chaka. Wansembe wina wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anaphunzitsapo ku Chancellor College, analemba mu 1971 za tanthauzo la moto wa kutchire m'chipembedzo cha makolo athu. Mfundo imene ine ndatolapo ndi yakuti kutentha tchire sinali nkhani ya aliyense. Panali tsiku lake, panali woyatsa wake.

Chimodzimodzi uzimba. Funsani agogo anu. Tchire losakamo nyama linali ndi mwini wake, ndipo iyeyo ndiye ankaitana anthu, kutchula tsiku ndi kuuza oyatsa poyambira. Wotentha tchire la mwini nthawi isanakwane unali mlandu wa pabwalo. Ngakhale chinenero chathu chimasunga kalendala ya moto. Malo opsa timati lupsa. Kamvula koyamba kogwa kukatentha timati chizimalupsa, ina timati kokalupsa chifukwa imakokolola phulusa. Udzu wanthete wophuka pa lupsa ndiwo msipu umene ng'ombe ndi agwape amathamangira. Mawu onsewa sakanabadwa pakati pa anthu osadziwa moto.

Koma tisanamizane. Moto wa uzimba ndi wa miyambo ija nthawi zambiri unkayatsidwa m'chilimwe, udzu utauma gwa, ndiye unali waukali ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti anthu anali ochepa, tchire linali lalikulu, ndipo malo ofunika ankayamba awateteza. Onani manda a kwanu. Bwanji kumanda kuli mitengo yowirira pamene ponse pozungulira ndi mbee? Si mantha a mizimu okha ayi. Chaka ndi chaka mfumu imaitana anthu kukalambula m'mbali mwake kuti moto usalowe. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi muno. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Moto umene kale unkayenda tsiku lonse osakumana ndi nyumba, lero ukayenda mphindi khumi wafika kale pa nkhokwe ya munthu.

Atsamunda atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, ambiri mwa akatswiri awo a zankhalango anabwera ndi maganizo a kwawo ku Ulaya, akuti moto m'nkhalango ndi mdani basi. Kwawoko ndi zomveka, chifukwa nkhalango zawo ndi zina. Anayamba kupatula nkhalango za boma, monga ya phiri la Mulanje mu 1927, ndipo kuyatsamo moto unakhala mlandu. Mphamvu zonena kuti "lero titenthe" zinayamba kuchoka m'manja mwa eni tchire kupita ku ofesi. Koma posakhalitsa iwo omwe anaona kuti lamulo silizimitsa moto. Ukaletsa kutentha mu Juni, udzu suchoka. Umangodikira. Pofika Okutobala wina amaponya kachitsa ka fodya kapena kuyatsa pofukula njuchi, ndipo moto umene umabuka ndi woposa uja unaletsedwa.

Apa ndi pamene pakubwera nkhani imene inandichititsa chidwi kwambiri. Mu 1933, pafupi ndi Ndola m'dziko la Northern Rhodesia, lomwe lero ndi Zambia, a zankhalango anaganiza zosiya kukangana n'kuyesa. Anatenga nkhalango ya miombo, yofanana ndi yathu ya ku Kasungu, Dzalanyama kapena Ntchisi, n'kuigawa m'zigawo. Zigawo zina ankazitentha chaka chilichonse kumayambiriro kwa nyengo yopanda mvula, cha mu Juni kapena Julayi. Zina ankazitentha mochedwa, cha mu Okutobala. Zina sankalola moto kulowamo n'komwe. Anachita zimenezi chaka ndi chaka osatopa, ndipo mu 1959 katswiri wa zomera Colin Trapnell anasindikiza zotsatira zake.

Mwamva zimene anapeza? M'zigawo zotenthedwa mochedwa, mitengo ikuluikulu ya miombo ndi mitondo inatha pang'onopang'ono. Kunatsala udzu wautali ndi mitengo yapatalipatali yopirira moto, monga mlombwa. Ku Zambia tchire lotere amalitcha chipya, ndipo inu nokha mukumva kuti mawuwo ndi achibale a "kupsa". M'zigawo zotenthedwa moyambirira, nkhalango inakhalabe chilili, ndipo timitengo tating'ono tinkakula mosasiyana kwenikweni ndi kumene moto sunalowe. M'zigawo zotetezedwa kotheratu munawirira, n'kuyamba kumera mitengo ndi zitsamba zokonda mthunzi, mofanana ndi zimene timaona kumanda. Ndiye kuti funso lenileni silinali lakuti titenthe kapena tisatenthe. Linali lakuti titenthe liti.

Chifukwa chake n'chosavuta, aliyense wokulira kumudzi angachimve. Mu Meyi ndi Juni udzu umakhala utauma kumwamba koma kutsinde kukadali chinyezi. Kunja kumazizira, usiku kumagwa mame. Moto wa nthawi imeneyi umayenda chokwawa, malawi ake safika patali, umadumpha malo ena, ndipo dzuwa likalowa umazima wokha. Kalulu, nkhwali ndi kamba amapeza pothawira. Koma mu Sepitembala ndi Okutobala chilichonse chauma, mphepo ndi yamphamvu, ndipo choipa kwambiri n'chakuti miombo imakhala itangophuka masamba atsopano ofiira aja, amene amakongoletsa mapiri mvula isanagwe. Mtengo watulutsa mphamvu zimene unasunga kuti uphuke, moto n'kudzawauwa masambawo. Zikachitika chaka chino, chaka chamawa, chaka chinacho, mtengo umauma. Paja amati moto umapita kumene kwatsala tchire. Tanthauzo lake kwa mlimi ndi lakuti pamene patenthedwa kale mu Juni, moto wa Okutobala ukafika umasowa chakudya n'kuima.

Kuno ku Nyasaland, boma linali litayambitsa kale mu 1926 nkhalango za m'midzi, zoyang'aniridwa ndi mafumu. Ganizo lake linali lakuti mudzi upatule malo ake, usadulemo mitengo mwachisawawa, ndipo upezemo milimo, mapaso ndi nkhuni zake. Kutentha moyambirira kunakhala imodzi mwa njira zimene a zankhalango ankalimbikitsa posamala miombo. Tsoka lake, malangizo abwino ankabwera m'thumba limodzi ndi chikakamizo. Amene munamva za malimidwe a m'ma 1950 mukudziwa momwe anthu ankalipitsidwira chindapusa ngakhale kumangidwa chifukwa cha mizere ndi migula. Munthu amene wakukwapula dzulo akabwera lero kudzakuuza tsiku lotentha tchire, ungamumvere? Ufulu utabwera mu 1964, nkhalango zambiri za m'midzi zinafooka. Mwini tchire wakale anali atalandidwa mphamvu, mwini watsopano anali kutali ku boma, ndiye moto unatsala wamasiye. Anautola ndi ana osaka mbewa.

Musandimve molakwa, mbewa nanenso ndimadya, ndipo ndikudziwa mabanja amene amagulira makope a ana ndi ndalama za mpani wa mbewa. Koma tiwerengere bwino. Ine ndimagulitsa pamsika, ndipo nyengo yake ikafika pabenchi panga pamakhala masuku, bowa ndi uchi. Zonsezi ndi za m'miombo. Bowa monga ndelema ndi manyame sungaudzale m'munda, chifukwa umakhalira limodzi ndi mizu ya mitengo ya miombo. Mtengo ukafa, bowa wapita. Amayi amene amandibweretsera katundu amandiuza okha kuti chaka ndi chaka akuyenda mtunda wotalikirapo. Mpani umodzi wa mbewa ungalipire zonsezo?

Umboni wina uli ku Kasungu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu ozungulira Kasungu National Park analoledwa kulowa m'nkhalangomo kukatola matondo ndi kupachika ming'oma ya njuchi. Akatswiri awiri a kuno kwathu, a Munthali ndi a Mughogho, anafufuza ntchitoyi n'kusindikiza zotsatira mu 1992. Anapeza kuti matondo ankachuluka kumene kunatenthedwa moyambirira, ndipo ankachepa kwambiri kumene kunapsa mochedwa. N'zomveka: moto wa mu Juni umasiya mitengo kuti idzaphuke masamba anthete amene mbozizi zimadya, pamene moto wochedwa umatentha masambawo pamodzi ndi mazira. Kutentha pa nthawi yake ndi ndiwo m'mbale.

Ku Nyika, nkhalango yosungirako nyama imene inakhazikitsidwa mu 1965, oyang'anira amayatsa moto mwadala mvula ikangotha, chigawo ichi chaka chino, china chaka china. Cholinga ndi kuteteza timagulu ta nkhalango zobiriwira tomwe tili m'zigwa za phirilo, komanso kupereka msipu kwa mbidzi ndi nchefu. Mlendo akaona utsi angaganize kuti kwaipa, chonsecho ndi ntchito.

Komabe mankhwala amodzi sachiza matenda onse, ndipo apa ndikupempha mumvetsetse. Pali mitengo yosafuna moto ngakhale wozizira. Mkungudza wa pa Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, mbewu zake zimamera bwino pamalo otseguka, koma mbande zake zikakhudzidwa ndi moto zimafa. Kudula mwachinyengo pamodzi ndi moto zinauthetsa mpaka kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. N'chifukwa chake pa phirilo ntchito yaikulu ndi kulambula mafayabuleki kuzungulira mbande zimene zadzalidwa. Chimodzimodzi ku Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene inadzalidwa poyembekezera fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe. Paini si muombo, alibe khungwa lozolowera moto wa kuno, ndipo sakaphukira akapsa. Amene mumadutsa pa msewu wa M1 kupita ku Mzuzu munaona nokha mapiri amene moto unawasiya ambee.

Tsopano ndikutengereni kutali pang'ono, chifukwa zimene zinatichitikira ife zinachitikiranso ena. Kumpoto kwa Australia kuli dera lotchedwa Arnhem Land. Nyengo yake ikufanana ndi yathu: mvula kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, kenako chilimwe cha udzu wautali. Eni dziko a kumeneko, ma Aborigine, akhalako zaka zoposa 50,000, ndipo ankatentha tchire pang'onopang'ono pamene akuyenda, kuyambira mvula ikangotha. M'zaka za m'ma 1900 ambiri anachoka kumapiri kwawo kukakhala m'malo a mishoni ndi a boma monga Oenpelli ndi Maningrida. Dziko litasowa wolitentha, kunayamba kubuka moto waukulu wa kumapeto kwa chilimwe, woyaka masabata ambiri, ndipo mitengo yosapirira moto inayamba kutha.

Akuluakulu ena, monga Bardayal Nadjamerrek, anabwerera kumalo a makolo awo n'kuyamba kuphunzitsa achinyamata katenthedwe kakale mothandizana ndi asayansi. Mu 2006 panachitika mgwirizano wotchedwa West Arnhem Land Fire Abatement. Kampani ya gasi ya ConocoPhillips inavomera kulipira pafupifupi 1 miliyoni ya madola a ku Australia chaka chilichonse kwa zaka 17, kuti eni dzikowo azitentha moyambirira dera la masikweya kilomita 28,000, lomwe kukula kwake likufanana ndi chigawo chathu chonse cha kumpoto. Chifukwa moto wozizira umatulutsa utsi wochepa, cholinga chinali kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi matani 100,000 pa chaka, ndipo anakwanitsa. Lero anyamata a kumeneko amayatsa ena ali pansi ndi machesi, ena ali mu helikopita, koma wonena kuti pano patenthedwe, apa ayi, amakhalabe mwini malo. Nzeru imene inkatchedwa yachikale lero ikulipidwa.

Nanga ife? Lamulo la zankhalango la 1997 linabwezera mbali ina ya mphamvu kumudzi. Limalola mfumu ndi anthu ake kupatula nkhalango ya mudzi ndi kusankha komiti yoyang'anira zachilengedwe, ija timangoti VNRMC. Limaletsanso kuyatsa moto m'nkhalango ya boma popanda chilolezo. Ndiye mpando wa mwini moto ulipo, ungofunika wokhalapo. Kumene makomitiwa akugwira ntchito, dongosolo lake silifuna ndalama zambiri. Mvula ikatha anthu amakumana ndi mfumu ndi mlangizi wa zankhalango n'kugwirizana malo otentha ndi malo osiya. Amayi amayamba amweta udzu wofolerera ndi wa matsache. Amalambula kuzungulira nyumba, nkhokwe, makola, manda, ming'oma ndi pamene padzalidwa mitengo. Tsiku lotentha amauziratu midzi yoyandikana nayo, amayatsa madzulo kapena m'mamawa kopanda mphepo, anthu ali chire ndi nthambi zaziwisi, ndipo sachoka mpaka chitsa chomaliza chitazima. Satentha tchire lonse chaka chimodzi, ndipo pamene pali timitengo tongophukira amapasiya zaka zingapo kuti tikule. M'munda namo mapesi si otentha, ndi chakudya cha nthaka.

Kwathu, chaka chotsatira moto uja, amfumu anaitana msonkhano. Panali mkangano ndithu. Ena ankati kutentha kulikonse ndi mlandu, ena ankaopa kuti moto ukatipulumuka adzalipira ndani. Pomaliza anagwirizana zoyesa kachigawo ka pakati pa dambo ndi midzi. Anatentha kumapeto kwa Juni, cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo agogo aja ndiwo anayatsa. Anyamata osaka mbewa anapatsidwa nthambi kuti akhale m'gulu la olondera. Mu Okutobala moto wina unabukanso kuchokera kutsidya, poti osamva sasowa. Unafika pa lupsa lija n'kuima. Mayi anafolera nyumba yawo chaka chimenecho.

Sindikunena kuti mawa aliyense atenge machesi. Moto woyatsa munthu mmodzi, ngakhale mu Juni, ndi womwe uja wa pa Kaphirintiwa. Ndikunena kuti ambiri a ife m'gulu lino tili m'tauni koma tili ndi makolo kumudzi, ndipo timatumiza ndalama za feteleza chaka chilichonse. Chimanga chimene fetelezayo amabereka chimagona m'nkhokwe yaudzu, pafupi ndi tchire louma. Mukamaimba foni kumudzi ulendo uno, funsaniko ngati alambula, ndipo funsani kuti tsiku lotentha amanena ndani. Mukapeza kuti palibe, yambirani pamenepo.

Ndikufunanso kumva za kwanu. Abale a ku Rumphi, Mzimba, Mangochi ndi ku Chigwa cha Shire, kale wolamula moto ankatchedwa ndani m'chinenero chanu, ndipo ankatentha mwezi uti? Amene muli ndi agogo amoyo, afunseni msanga mutiuze.